Kusunga katundu ndi thandizo loyamba pa loji: mmene ndimachitira kuno ku Mzuzu

Linali Loweruka la mwezi wa Julaye, m'mawa wa nkhungu ija ya kuno ku Mzuzu yoti munthu akaima pageti umangomva mawu osamuona. Pa loji pomwe ndimagwira ntchito tinali ndi msonkhano wa anthu 40, ndiye kukhitchini kunali pikitipikiti. Mnyamata wathu wa tchipisi, pofuna kufulumira, anakhuthulira mbatatesi zonyowa m'mafuta owira. Mafuta aja anadumpha n'kumuwaza pamkono, kuyambira pachigongono mpaka m'zala. Ine ndinathamangira kabokosi ka thandizo loyamba komwe kamakhala pakhoma la kusitolo kwanga, chipinda chosungiramo katundu wa loji. Nditatsegula ndinapezamo sizasi ya dzimbiri, kapaketi ka Panado kopanda kanthu, ndi batani la yunifolomu. Pobwerera kukhitchini ndinapeza mayi otsuka mbale atamuswera kale dzira laliwisi pamkonopo, wina akufuula kuti, "Colgate! Ndani ali ndi Colgate?"

Chomwe chimandiwawabe n'chakuti dzulo lake madzulo ndinali nditawerenga sitolo yonse mpaka timapaketi ta tiyi. Mukanandidzutsa pakati pa usiku ndikanakuuzani kuti shuga watsala makilo 18. Koma kabokosi komwe kankakhala pamwamba pa mutu wanga tsiku ndi tsiku, chaka chinali chitatha ndisanakatsegule. Ndinkakaona ngati ka anthu ena. Kuyambira tsiku limenelo ndimakawerenga ngati shelefu ina iliyonse, n'chifukwa chake nkhani ya katundu ndi ya thandizo loyamba ndazimanga mtolo umodzi. Ndikulembera makamaka inu amene mwangopatsidwa kumene makiyi a sitolo, kaya mwachokera ku Mzuni kapena ku Malawi Institute of Tourism ndi pepala m'manja, kaya mwakwera kuchokera kotsuka mapoto ngati ine.

Katundu akafika pageti

Ndalama zambiri za loji zimatayikira pakhomo la sitolo, katundu asanalowe n'komwe. Choyamba kugula chikhale sikelo, ndipo chilichonse chogulidwa pa kilo chizikwera sikeloyo inu mukuona. Thumba la mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga angakuuzeni kuti ndi la makilo 50, sikelo n'kunena 46. Mwina wobweretsayo sanabe, thumbalo langodutsa m'manja ambiri. Koma mukasayinira 50, makilo 4 amenewo asanduka mlandu wanu pakutha pa mwezi.

Dengu la tomato wa ku Jenda likhuthuleni lonse. Pamwamba amayala akuluakulu onyezimira, ophwanyika amabisala pansi. Thireyi ya mazira imakhala ndi 30. Nyamulani limodzilimodzi, chifukwa losweka limakakamira pansi ndipo pamwamba limaoneka labwinobwino. Nkhuku zikabwera zitavala ayisi wochuluka ngati jekete, mukugula madzi pamtengo wa nyama, ndiponso mwina zinasungunukapo panjira n'kuumitsidwanso. Nsomba ndiye ndimadekha nazo kwambiri. Kuchokera ku Nkhata Bay kufika kuno ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, koma batala kapena kampango wakeyo simudziwa kuti anavuulidwa liti. Maso akhale owala, osati a mbuu. Tsegulani m'mbali mwa mutu momwe imapumiramo, mukhale mofiira. Dinani ndi chala pamsana: pakatsala dzenje, ibwezeni.

Za m'mapaketi ndi m'zitini yang'anani tsiku lothera ntchito, komanso chidindo cha Malawi Bureau of Standards pa zopangidwa mommuno. Chitini chotupa kapena chopindika pamsoko musalandire. Chigubu cha mafuta ophikira chikhale chomatidwa pachitsekero.

Obweretsa katundu onse amakhala a changu. Mudzamva kuti, "Asisi, tangosayinani, galimoto ikundidikira." Ine ndimawayankha kuti, "Achimwene, khalani pabenchipo, tiyi akubwera. Sikelo ilibe changu." Fananizani zinthu zitatu musanagwire cholembera: zomwe munaitanitsa, zomwe zalembedwa papepala lawo, ndi zomwe zili pansipo. Zikasiyana, lembani chiwerengero chenicheni papepala lawo lomwelo, nonse awiri musayine, kenako mulembe m'buku lanu lolandirira katundu tsiku lomwelo. Mukati ndilemba mawa, mawa mudzakhala mukukumbukira zabodza.

M'sitolo mwenimwenimo

Ife obwera kuchokera kumwera, Mzuzu imatiphunzitsa chinyezi. Kwathu ku Ntcheu thumba la ufa limatha kukhala pasimenti osadandaula. Kuno, mvula yake yopitirira mpaka Epulo ndi mawawa a Juni, ufa ukagona pansi sabata ziwiri umachita chuku, mchere umasanduka phala, shuga amaundana ngati njerwa. Pezani matabwa, a ku Chikangawa sasowa, mukhome timathandala totalika ngati chikhatho ndi theka. Matumba akhale pamenepo, ndipo asatsamire khoma, pazitsala mpata woti tsache ndi maso zidutse. Ufa, mpunga ndi nyemba zikatsegulidwa zilowe m'ndowa zotsekera. Ndowa ikatha, itsukeni ndi kuiumitsa musanathiremo zatsopano, apo ayi anankafumbwe a thumba lakale alandira latsopano ndi manja awiri.

Kusukulu za mahotelo amaphunzitsa FIFO, kutanthauza kuti choyamba kulowa ndicho chiyambe kutuluka. Pochita pake n'kosavuta: khalani ndi cholembera cha inki yakuda chomangirira pachingwe, chilichonse cholowa chilembedwe tsiku, chatsopano chipite kumbuyo, chakale chibwere kutsogolo. Koma tsiku lothera ntchito limaposa tsiku lolowa. Mkaka wofika lero ukakhala kuti utha msanga kuposa wa sabata yatha, wa lerowo ndiwo uyambe.

Sopo, Jik, polishi, parafini ndi mankhwala a makoswe zikhale ndi kabati yakeyake, kutali ndi zakudya. Mpunga umakoka fungo. Tinatayapo theka la thumba chifukwa linagona pafupi ndi katoni ya sopo wochapira, alendo n'kumati akudya zovala.

Filiji izikhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo, freezer pa -18. Musakhulupirire dzanja, gulani kachipangizo koyezera kuzizira, muzilemba m'mawa ndi madzulo pakapepala komata pachitseko. Nyama yaiwisi pansi, zophikaphika ndi zodya zosaphika pamwamba, kuti magazi asadonthere pa saladi. Tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, choncho chakudya chophika chisakhale pamtetete kupitirira maola 2. Magetsi akazima, lamulo langa ndi limodzi: chitseko chisatsegulidwe. Filiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, freezer yodzaza masiku awiri, yosadzaza tsiku limodzi. Lembani nthawi yomwe azimira. Ine m'freezer ndimadzazamo mabotolo a madzi pomwe pali mpata, amathandiza kusunga kuzizira, ndipo mudzaona pansipa kuti ali ndi ntchito inanso.

Palibe kapepala, palibe katundu

Katundu aliyense akhale ndi khadi lake, lomwe timati bin card, lopachikidwa pashelefu pomwepo. Pakhadipo pamalembedwa tsiku, zolowa, zotuluka, zotsala, ndi dzina la wotenga. Kompyuta ndi yabwino ngati ilipo, koma khadi silidikira magetsi.

Kukhitchini, kubala ndi kwa okonza zipinda azibwera ndi kapepala kosayinidwa ndi mkulu wa gawo lawo. Ndimatsegula sitolo kawiri, 7 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Poyamba a shefu ankakwiya nazo, koma zinawaphunzitsa kuganiza za tsiku lonse asanayatse moto. Kiyi akhale ndi munthu mmodzi. Wina wapadera akhale mu envulopu yomata kwa amanijala, ndipo akamatula alembe chifukwa chake.

Ovuta kwenikweni si antchito anzanu ayi. Ndi eni ake a malo ndi abale awo. Abwana amalowa n'kunyamula thireyi ya mazira ndi nkhuku ziwiri za kunyumba, mlamu wawo amabwera kudzatenga kireti ya zakumwa za pa chinkhoswe. Kuwakaniza simungathe, katundu ndi wawo. Ine ndimangotulutsa buku mwaulemu n'kunena kuti, "Bwana, mungondisayinira apa kuti zisadzandivute powerengera." Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kutha kwa mwezi ataona okha kuchuluka kwa zomwe zinapita kunyumba, anasiya kufunsa chifukwa chomwe khitchini siyikupindulira.

Kuwerenga

Zodula ndi zoyenda msanga, monga nyama, mafuta, shuga ndi mowa, ndimawerenga tsiku lililonse. Sitolo yonse kamodzi pamwezi, tili awiri, wina kuwerenga wina kulemba, ndipo wowerengayo asaone kaye zomwe khadi likunena. Masamu ake ndi a pulayimale: zomwe zinalipo, kuphatikiza zomwe zalowa, kuchotsa zomwe zatuluka. Yankho lake lifanane ndi zomwe maso akuona pashelefu. Muziwerenga m'makilo, m'malita ndi m'mabotolo, osati m'makwacha mokha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabuku a ndalama anasokonekera onse, koma kilo inakhalabe kilo.

Musalekere pakhomo la sitolo. Tsatirani katunduyo mpaka m'mbale. Ngati nkhuku imodzi timaidula panayi, ndipo ndatulutsa nkhuku 10, malisiti aonetse mbale 40, kapena zotsalazo zipezeke m'filiji. Akaonetsa 33, pali mbale 7 zofunika kuzifunsa. Kubala n'chimodzimodzi. Botolo la Malawi Gin la 750 ml, ngati kapimidwe kanu ndi ka 25 ml, limatulutsa matoti 30. Mabotolo opanda kanthu ndi makireti ake ndi ndalama, awerengedwe ngati odzaza omwe. Matawulo, mashiti, masipuni ang'onoang'ono ndi mabatire a rimoti ndizo zimayenda mwakachetechete, pang'onopang'ono mpaka mtolo.

Koma chiwerengero chikapanda kugwirizana, musathamangire kuloza munthu chala. Ndinalakwirapo mnyamata wina pa nkhani ya mafuta ophikira. Chigubu cha malita 20 chinkatha khadi likunena kuti mwatsala malita 4. Ndinamunena kwa amanijala kuti akupungula. Patapita sabata ndinatenga botolo la lita imodzi n'kuyesa jagi yomwe ndinkapimira, ndipo ndinapeza kuti imalowa lita ndi kota. Wakuba anali jagi yangayo. Ndinapepesa pamaso pa anthu, komabe panatha miyezi asanayambenso kundipatsa moni wochokera pansi pa mtima. Yambani mwayesa sikelo ndi jagi, onani ngati pali kapepala kosalembedwa, onani kukula kwa magawo omwe akugawa kukhitchini. Mukhalenso ndi buku la zowonongeka, momwe mbale yosweka, nyama yopserera ndi mkaka wosasa zimalembedwa popanda munthu kukalipiridwa. Mukamadula malipiro pa kapu iliyonse yosweka, magalasi ake azikabisidwa m'bini, ndipo tsiku lina adzacheka dzanja la wotaya zinyalala.

Nanga muitanitse liti? Tiyerekeze kuti mpunga mumaphika makilo 6 patsiku, ndipo wa ku Karonga amatenga masiku 5 kuti afike nawo. Amenewo ndi makilo 30. Onjezerani a masiku atatu odzitetezera, chifukwa nthawi ya mvula msewu wa pa Chiweta umatha kuvuta. Zakwana 48. Ndiye kuti pakangotsala thumba limodzi losatsegula, imbani foni. Lembani nambala imeneyo pamwamba pa khadi ndi inki yofiira, ndipo muchite chimodzimodzi ndi katundu aliyense. Kudzaza sitolo mopitirira nakonso n'kulakwa: ndi ndalama zogona pashelefu zikudikira chuku.

Kabokosi kaja

Lamulo la dziko lino la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limafuna kuti pamalo a ntchito pakhale bokosi la thandizo loyamba. Malo ambiri bokosilo lilipo ndithu. Funso ndi la zomwe zili m'katimo. Langa tsopano lili ndi bin card yake ndi nambala yofiira yake, ndipo ndimalitsegula Lolemba lililonse. Muli magolovesi, gauze (kansalu kotsindikira pabala) wa m'mapaketi omata, mabandeji okulunga, nsalu ziwiri za makona atatu zokolekera mkono, mapulasitala, tepi, sizasi, mapini, kopanira kozulira minga, Thanzi ORS, tochi, ndi mpukutu wa pulasitiki yopyapyala ija yokutira zakudya. Mapulasitala a kukhitchini akhale a buluu ngati mungawapeze, kuti ikagwera mu ndiwo ioneke. Mabokosi ndi awiri, lina kukhitchini lina pa risepushoni, chifukwa sitolo imakhala yokhoma usiku. Bokosi lokhala ndi loko, kiyi wake ali m'thumba mwa munthu amene wapita ku Chibavi, n'chimodzimodzi kulibe.

Mapiritsi sindiikamo. Choyamba, ndiwo amachititsa kuti bokosi lizitsegulidwa ndi aliyense wa matsire mpaka kutha. Chachiwiri, ife si madokotala. Pali anthu omwe Bactrim kapena Fansidar amawatupitsa thupi lonse. Mlendo akatentha thupi, mutengereni kokayezetsa malungo, musamupatse LA wotsala kwa mwana wanu.

Tsoka silinunkha, ndiye tiyeni tione zomwe zimagwa kawirikawiri.

Kupsa ndiye mfumu ya ngozi za kukhitchini. Mankhwala ake oyamba ndi madzi ozizira a pampopi, oyenderera, kwa mphindi 20. Yang'anani wotchi, chifukwa mphindi 20 munthu akubuula zimatalika ngati ulaliki, ndipo ambiri amalekera pa ziwiri. Kutentha kumapitirira kudya mnofu m'kati ngakhale moto wachoka, madziwo ndiwo amakuzimitsa. Mpopi ukakhala wouma, tungani m'ndowa ya madzi oyera muzithira ndi kapu mosalekeza; apa mabotolo aja a m'freezer amathandiza kuziziritsa ndowayo, koma ayisi asakhudze bala. Madzi a kuno mu Julaye amaluma, choncho mufunditseni jekete kapena bulangete thupi lotsalalo kuti asazizidwe. Vulani mphete, wotchi ndi zibangili malowo asanatupe. Chovala chikakakamira pakhungu musachikoke, dulani mozungulira. Matuza musaboole. Mukamaliza yalani pulasitiki yopyapyala ija pamwamba, osamanga mothina. Ngati ndi dzanja, lilowetseni m'jumbo yoyera. Dzira, Colgate, mafuta, ufa, batala wopaka buledi, zonsezi ayi. Zimatsekera kutentha m'kati, zimalowetsa tizilombo, ndipo kuchipatala amayamba kazichotsa asanaone bala. Mnyamata wathu uja amanena mpaka lero kuti kuchotsa dzira lija kunamupweteka kuposa mafuta. Wopsa aliyense pitani naye kuchipatala ngati bala laposa chikhatho chake, ngati lili kumaso, m'manja, m'mapazi, molumikizira mafupa kapena kumalo obisika, ngati khungu layera kapena lada, ngati wapsa ndi magetsi kapena mankhwala, komanso ngati ndi mwana.

Mafuta akayaka m'poto, zimitsani chitofu, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo kapena bulangete lozimitsira moto, musiye pomwepo mpaka azizire. Madzi amauphulitsa motowo mpaka kudenga. Kunyamula potoyo kuthamangira nayo panja n'kumene kumapsereza anthu nkhope.

Wodzicheka ndi mpeni kapena galasi: valani magolovesi, tsindikani pabala ndi gauze mwamphamvu, kwezani mkono, mphindi 10 osasuzumira. Magazi akavuukira, onjezani gauze wina pamwamba, woyambayo musachotse. Galasi likatsalira m'kati musazule, tsindikani m'mbali mwake mupite kuchipatala. Chakudya chomwe magazi agwerapo chitayidwe, ndipo chilembedwe m'buku la zowonongeka lija.

Kutsamwa kumafuna kuti weta aliyense akudziwe, chifukwa kumachitikira patebulo, kutali ndi bokosi. Ngati munthu akutsokomola kapena akutha kuyankhula, mulimbikitseni kutsokomola, musamumenye. Woopsa ndi amene wangoti zii, wagwira pakhosi, maso ali tong'o, mawu osatuluka. Apa vuto la ife Amalawi ndi ulemu. Kamtsikana kongoyamba kumene ntchito kaona bwana wa suti akutsamwa ndi nyama, iko kangoima poteropo manja kumbuyo, kuopa kugwira munthu wamkulu. Ndimawauza kuti nenani mokweza, "Bwana, mwatsamwa? Ndikuthandizani," kenako gwirani. Muweramitseni kutsogolo, mumenyeni kasanu pakati pa mapewa ndi tsinde la chikhatho, mwamphamvu. Zikakanika imani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pa mchombo, gwirani ndi dzanja linalo, kokerani m'kati ndi m'mwamba kasanu. Bwerezani zisanu kumsana, zisanu pamimba, mpaka chituluke. Mayi woyembekezera mumakanikiza pachifuwa, osati pamimba. Khanda losakwana chaka mumaligoneka chafufumimba pamkono, mutu chakumunsi, kasanu kumsana, n'kulitembenuza, kasanu pachifuwa ndi zala ziwiri. Amene mwamukanikiza pamimba akaonedwebe kuchipatala ngakhale akuseka. Munga wa nsomba ukabaya pakhosi munthu akupuma bwino, nkhani yomumezetsa mbamu ya nsima isiyeni, imatha kuukhomerera. Apite akauchotse.

Munthu akagwa osayankha, yang'anani chifuwa ngati akupuma. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali, mutu wopendekera kumbuyo pang'ono, kuti masanzi asamutseke. Izi zikukhudzanso mlendo woledzera: musamugoneke chagada n'kutseka chitseko. Ngati sakupuma, kapena akungobanika mwa apo ndi apo, lozani munthu mmodzi ndi dzina kuti akatenge galimoto, chifukwa mukati "wina aimbe foni" aliyense amayang'ana mnzake. Mutsitsireni pansi polimba, pamatiresi sizitheka. Ikani manja onse pakati pa chifuwa, kanikizani kulowa masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Ophunzitsidwa amakanikiza ka 30 n'kuuzira mpweya kawiri. Ngati simunaphunzire, kanikizani basi osaleka. Izi kuwerenga kokha sikukwanira, zimafuna manja ayesere pachidole.

Khunyu ndiyo imabalalitsa anthu. Tsiku lina mlendo anagwa m'chipinda chodyera, anthu onse anathawira kukhonde atagwira mphuno, ati akatulutsa mpweya titengera. Khunyu siyipatsirana, kaya ndi mpweya, kaya ndi thovu la kukamwa. Sunthani mipando ndi matebulo, ikani jekete pansi pa mutu, masulani tayi. Musamupanikize, ndipo sipuni kapena chala m'kamwa ayi, lilime silimezeka. Yang'anani nthawi. Kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali, mufunditseni chitenje ngati wadzinyowetsa, ndipo anthu oonerera muwabalalitse. Zikapitirira mphindi 5, zikabwereza, kapena ngati n'koyamba, kuchipatala. Ndipo ngati wantchito mnzanu ali ndi vutoli, malo akhale oti anganene osaopa kuchotsedwa ntchito. Wobisa ndi amene amadzagwera pamoto. Wonena mumangomusuntha kuchoka pachitofu.

Ngozi ya kuno kwathu kwenikweni ndi mbaula. Juni ndi Julaye kukazizira, alonda amalowa nayo m'kanyumba ka pageti n'kutseka chitseko ndi zenera. Alendo enanso amapempha kuti tiwaikire m'chipinda. Makala akamayaka motsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru, kenako tulo tokoma tosadzukanso. Mukampeza wina ali choncho, tsegulani zonse, mutulutsireni panja, mupite naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Mlendo wopempha mbaula ndimamukana mwaulemu n'kumupatsa bulangete lachiwiri. Kwa ine nkhani ya mbaula imayambira m'sitolo mwezi wa Meyi: kuwerenga mabulangete, ndi kukumbutsa abwana za majekete a alonda. Mlonda wathu wamkulu, bambo wa ku Ekwendeni, ndinachita kumupempha kuti, "Adada, zenera lokhalo lisiyeni pululu." Anaseka, koma amalisiya.

Zina ndingodutsamo. Jik kapena mankhwala ena asathiridwe m'botolo la Fanta. Wina akamwa musamusanzitse, tengani botolo la mankhwalawo mupite nalo limodzi kuchipatala. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyenderera mphindi 20. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, mpweya wake umapweteka mapapo. Wogwidwa ndi magetsi musamukhudze musanazimitse pa switch yaikulu, ndipo aliyense adziwe pomwe ili. Alendo odutsa kuno popita ku Nyika, Livingstonia kapena kunyanja, ena mtedza umawadwalitsa koopsa, ndiye weta adziwe kuti ndiwo zotendera zili ndi nsinjiro, ndipo akafunsidwa zomwe sakudziwa akafunse a shefu. Paja safunsa anadya phula, koma apa wodya phulayo ndi mlendo. Milomo ikayamba kutupa, mpweya kuvuta, muthandizeni kudzibaya jakisoni wake ngati wayenda naye, ndipo galimoto inyamuke nthawi yomweyo. Wotsegula m'mimba mupatseni Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay, komwe timagula nsomba, inakhudzidwa kwambiri. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, musadikire kuche. Wophika kapena weta wotsegula m'mimba asagwire chakudya mpaka patatha masiku awiri atachira.

Thandizo loyamba limathera pa galimoto. Pachitseko cha bokosi ndinamatapo pepala la manambala a madalaivala awiri a takisi omwe ndinawayesa ndekha kuwaimbira 2 koloko usiku n'kuyankha. M'katimo muli envulopu ya ndalama ya ulendo umodzi, yomwenso ndimaiwerenga Lolemba. Aliyense wa ntchito amadziwa njira ya ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga, ya ku St John's, ndi ya ku Mapale pa zazing'ono. Pofuna uphungu chabe pali Chipatala cha pa Foni. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa thandizo loyamba. Kakamizani abwana atumizeko anthu, ndipo posankha musangotenga amanijala omwe amaweruka 5 koloko. Usiku pa loji pamatsala mlonda ndi wa pa risepushoni, amenewo ndiwo ayambe.

Chilichonse chotuluka m'bokosi chimalembedwa m'kabuku komangirira pomwepo: tsiku, ndani, chachitika n'chiyani, tatenga chiyani. Mwezi wathawu khadi linaonetsa kuti mapulasitala 23 atuluka, pomwe nthawi zonse sapitirira 8. Nditatsegula kabukuko ndinapeza kuti 15 anapita kwa mtsikana mmodzi watsopano wosenda mbatatesi. Ndinapita kukaima pambali pake. Mpeni womwe anamupatsa unali wobuntha ngati sipuni, ankachita kukankha ndi mphamvu zonse, n'kumaterereka kukatera pachala. Ndinalemba kapepala ka mwala wonolera ndi timipeni tiwiri tosendera, abwana anasayina, ndipo Lachitatu ndinakagula kumsika waukulu.